Msuweni wanga anawerenga makomenti anu onse

Amene mwatsegula nkhaniyi poganiza kuti ndi ya mtengo wa feteleza kapena ya kusowa kwa mafuta, pepani, zimenezo tidzakamba tsiku lina. Lero ndikufuna tikambe nkhani imene kuno ku Mulanje timaikamba mokuwa tikakhala pa Facebook, koma tikafika pakhomo timangonong'ona, mwinanso osaikamba n'komwe.

Linali Lachisanu, pa 28 June 2024. Oweruza atatu a khothi loona za malamulo aakulu a dziko lino, atakhala ku Blantyre, anagamula kuti malamulo oletsa amuna kugonana ndi amuna anzawo akhalebe momwe alili. Madzulo ake ndinali pa Chitakale ndikudikira chipisi, foni ili m'manja monga mwa masiku onse. Peji iliyonse ya nkhani inali itaika chigamulocho, pansi pake makomenti ali mbwee. Ena akuthokoza Mulungu, ena akuti anthu amenewa angowotchedwa, ena akuponya nthabwala za mathanyula. Nthabwala ina inandiseketsa. Ndinadina kankhope koseka kaja, n'kulandira chipisi changa, ulendo wa kunyumba.

Cha m'ma 1 koloko usiku uthenga unalowa. Anali msuweni wanga, mwana wa amalume, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kupalasa njinga. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi zaka 22.

"Asuweni, mwagona?"

"Ayi. Bwanji iwe usiku uno?"

"Ndaona kuti nanunso mwaseka."

Ndinayesa ndi chisuweni, paja pachisuweni timanyozana osakwiyitsana. Ndinayankha kuti nanga munthu asaseke? Panapita mphindi zingapo foni ikungoonetsa kuti akulemba, wasiya, akulemba, wasiya. Kenako unabwera uthenga wautali. Sindiubwereza pano. Mwachidule anandiuza kuti iyeyo ndi mmodzi wa anthu amene tinkawasekawo, kuti anadzizindikira ali Fomu 1, ndipo kuti makomenti a pa mapeji atatu anawawerenga onse mpaka kumapeto, akufufuza mayina amene amawadziwa. Anapezamo mphunzitsi wake wakale. Anapezamo mkulu wa kwaya yawo. Anapezamo ine. Pomaliza anati watopa, ndipo akuona kuti iye atachoka padziko aliyense apuma.

Ndinamuimbira pompo. Mayunitsi atatha ndinakongola ena. Tambala woyamba analira tikulankhulabe, ndipo kutangocha ndinakwera kabaza kupita kwawo.

Wandilola kulemba izi. Dzina lake simulimva, mudzi wake simuumva, ndipo amene mukufuna kundifunsa ku inbox musadzivute. Sindinabwere kudzakusinthani chikhulupiriro. Funso langa ndi limodzi: munthu ngati ameneyu, wokhala kuno, osati ku Namiwawa kapena ku Area 47, maganizo akamuchulukira mpaka kufuna kudzichotsera moyo, apite kuti? Ndakhala ndikusaka yankho kuyambira usiku umenewo.

Tiyambe ndi lamulolo, poti ambiri amene tinakomenta tsiku lija sitinaliwerengepo. Gawo 153 la Penal Code limapereka chilango chofika zaka 14 kundende. Gawo 154, la woyesera chabe, zaka 7. Gawo 156, la zimene limati zonyansa pakati pa amuna, zaka 5. Akazi anachita kuwaonjezeramo: gawo 137A linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu December 2010, nalonso zaka 5. Buku la malamulo limeneli tinalandira kwa atsamunda mu 1930, ndipo eni akewo ku England lamulo lotere analichotsa mu 1967. Ndiye tikamakuwa kuti za azungu toto, tizidziwako kuti lamulo tagwiritsitsali nalonso anatisiyira ndi azungu.

Mlandu wa 2024 unali wa anthu awiri osiyana kwambiri. Wina ndi Jana Gonani, amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa ndi kukhala ngati mkazi, aja amatchedwa a trans. Khothi la ku Mangochi linamugamula zaka 8 mu December 2021, ndipo anakamutsekera kundende ya amuna. Winayo ndi Jan Willem Akster wa ku Netherlands, amene ankaimbidwa milandu yochitira nkhanza zogonana achinyamata a pabungwe limene ankagwirako ntchito. Kuphatikiza milandu iwiriyi kunasokoneza anthu ambiri. Kugwiririra ndi kugwiririra basi, kaya wochitayo ndi ndani, ndipo wopezeka wolakwa alandire chake. Koma m'makomenti zonse zinasanduka phala limodzi, moti mnyamata amene sanakhudzepo mwana wa munthu anadzuka m'mawa akutchedwa wogwirira ana.

Oweruza anati magawo aja sakusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo ofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Mpomwe anathera. Sananene kuti munthu azimenyedwa pa msika wa Limbuli. Sananene kuti nesi aziulula za wodwala, kapena kuti landilodi aziponya katundu wa munthu panja. Lamuloli limakamba za mchitidwe, ndipo mchitidwewo uyenera kukatsimikizidwa kukhothi. Mayendedwe a munthu si mlandu. Mawu aang'ono si mlandu. Kumumvetsera munthu wotere akamalira, kumupatsa uphungu, kumugoneka pakhomo panu, zonsezi palibe gawo limene limaletsa.

Koma boma lathu pankhaniyi limayankhula pawiri. Mu 2012, nthawi ya Joyce Banda, tinamva kuti apolisi ayambe asiya kumanga anthu pa milandu imeneyi. Mu December 2015 nduna ya zachilungamo, Samuel Tembenu, inabwereza zomwezo. Mu 2016 abusa ena anakadandaula kukhothi lalikulu ku Mzuzu, ndipo khothilo linaimitsa ganizo la bomalo. Pomwe ndondomeko ya dziko yolimbana ndi HIV ya 2020 mpaka 2025 inawatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo komanso anthu a trans ngati magulu ofunika kuwafikira ndi chithandizo. Dzanja lina lanyamula unyolo, lina lanyamula mankhwala, ndipo wogogoda pachitseko sadziwa kuti limutsegulire ndi dzanja liti.

Amene mumati izi ndi za m'tauni kapena zotengera ku Joni, funsani akuluakulu za Aunt Tiwo, poti ambiri a inu munali ku pulaimale. Mu December 2009 Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anachita chinkhoswe ku Chirimba mu Blantyre. Anamangidwa, ndipo pa 20 May 2010 anagamulidwa zaka 14. Pa 29 May, Bingu wa Mutharika atakumana ndi Ban Ki-moon, anawakhululukira. Tiwonge kwawo ndi ku Thyolo, aneba athu a tiyi awa, ndipo nthawi yonseyi ankanena kuti iye ndi mkazi, ngakhale manyuzipepala ankalemba za amuna awiri. Chimene ndimachiganizira kwambiri ndi zimene zinachitika atatuluka. Kundende anamasulidwa, koma kunja kuno malo okhala mwamtendere anamusowa, mpaka anakapempha malo ku Cape Town ngati wothawa kwawo. Pulezidenti amatha kutsegula chipata cha ndende ndi siginecha imodzi. Chitseko cha pakhomo pa amayi ako ayi.

Ndiye pali Muloza. Kwerani minibasi pa Boma, tsikani pa boda, wolokani. Mwafika ku Milange, ku Mozambique, kumene kuyambira mu June 2015 nkhani yomweyi si mlandu. Anthu ake ndi omwewa, Alhomwe anzathu, odya kalongonda yemweyu, ovina tchopa yomweyi, amene timakwatirana nawo ndi kugulitsana chimanga pa njinga. Sindikunena kuti kumeneko ndi ku paradizo. Bungwe la Lambda, loyankhulira anthu amenewa, lakhala zaka zambirimbiri likupempha kuti boma lililembetse. Koma mvula ikugwabe ku Milange, ana akubadwabe, matchalitchi akudzazabe. Botswana inachotsa lamulo lotere mu 2019, Namibia pa 21 June 2024, sabata imodzi yokha khothi lathu lisanagamule, pomwe Uganda mu 2023 inachita kulikhwimitsa. Nkhani ya malamulo idzatenga nthawi, ndipo kunena zoona sindikuona phungu aliyense wa m'boma lino akuinyamula kupita nayo ku Lilongwe. Koma munthu amene sakugona usiku uno sangadikire Nyumba ya Malamulo.

Pano pali chinthu chimene ine ndinkachimva molakwika. Ndinkayesa kuti msuweni wanga akudwala chifukwa cha mmene alili. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990, ndipo mu 2019 linachotsanso za anthu a trans m'gulu la matenda a maganizo. Chodwalitsa ndi china. Katswiri wina wa ku America, Ilan Meyer, anachifotokoza bwino mu 2003: munthu amene amakhala moyembekezera kunyozedwa, wobisala tsiku lililonse, amene pamapeto pake amayamba kukhulupirira zoipa zimene anthu amamunenera, thupi ndi maganizo ake zimatopa ngati wasenza mtolo osautula.

Taganizani mtolowo pa mudzi ngati wathu. Kuno wakabaza amadziwa amayi ako, wogulitsa mayunitsi ndi mlamu wa aphunzitsi ako, ndipo ukatsika minibasi pa Nkando, nkhani yoti unali ndi ndani imafika kwanu iwe usanafike. Msuweni wanga ankayeserera mayendedwe pagalasi. Ankafufuta mauthenga onse asanapereke foni kotchajitsa. Anafunsira mtsikana amene sankamufuna n'cholinga choti anzake asiye kumutoza, ndipo mpaka lero amadziimba mlandu kuti anamutayitsa nthawi mwana wa eni. Pa chinkhoswe chilichonse, pa maliro aliwonse, funso ndi lomwelo: "Nanga iwe tidya liti?" Iye n'kuseka, usiku osagona. Anayamba kumwa timabotolo totchipa tija kuti tulo tibwere. Anaonda. Ife tinkati mwina ndi malungo, ena ankati wayamba chamba.

Kafukufuku wa Caitlin Ryan ndi anzake wa mu 2009 anapeza kuti achinyamata otere amene anakanidwa kwambiri ndi makolo awo anali ndi chiopsezo choyesa kudzipha choposa ka 8 poyerekeza ndi amene sanakanidwe. Bungwe la Trevor Project mu 2019 linapeza kuti kukhala ndi munthu wamkulu mmodzi yekha wokulandira kumatsitsa chiopsezocho ndi 40 pa 100. Ziwerengerozi ndi za ku America, inde, musandikumbutse. Koma mawu akuti mmodzi yekha anandikhala m'mutu, chifukwa usiku uja mnyamatayu ankawerenga makomenti posaka munthu mmodzi ameneyo, ndipo sanamupeze.

Tsono chipatala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000. Tili ndi chipatala chachikulu cha boma, cha mishoni cha CCAP, ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera. M'zipatala za m'maboma mumakhala manesi ndi madokotala ochepa ophunzira za matenda a maganizo, ndipo matenda akakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Kwina kodziwika ndi ku Queens ku Blantyre, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a zamaganizo m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni ndi owerengeka pa zala. Ogwira ntchito ochepawo mzere wawo umadzaza ndi odwala khunyu, misala ndi omwe asokonezeka ndi chamba kapena mowa, ndiye nthawi yokhala pansi ndi munthu ola lathunthu kumumvetsera imachita kusowa. Ili ndi vuto la tonse, osati la a gay okha. Onjezani kuti mawu oti "akutengera ku Zomba" kwathu kuno ndi chipongwe, kuti kwa zaka zoposa 70 tinkayendera lamulo la zamisala la 1948, ndiponso kuti gawo 229 la Penal Code lakhala likuona woyesa kudzipha ngati wopalamula mlandu. Munthu wa misozi kumuopseza ndi apolisi kawiri.

Chimene chimandipatsa mphamvu ndi Freddy. Mu March 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri n'kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe, anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo chino atasowa pokhala, m'makampu munabwera aphungu. Tinaona abambo a ndevu zawo akukhala pansi n'kufotokoza kuti mvula ikangoyamba kuwaza mtima umathamanga. Palibe anawaseka. Tinaphunzira kuti maganizo nawonso amavulala, ndipo amapola munthu akapeza womumvetsera. Phunziro limenelo tili nalo kale. Changotsala n'chakuti timasankha woyenera kumumvetsera.

Ine ndi msuweni wanga tinayesa kawiri. Koyamba kunali pa kachipatala kena, sinditchula dzina ngakhale boma lake. Mayi amene tinawapeza anayamba bwinobwino, mpaka pamene mnyamatayu anafotokoza chimene chikumusowetsa tulo. Anaika cholembera pansi, anayamba ulaliki, kenako anasuzumira pakhomo kuitana mnzawo kuti adzamve. Msuweni wanga anatuluka osatsanzika, ndipo panapita miyezi iwiri akukana kumva za chipatala. Kachiwiri, malo ena, tinapeza bambo wina mwa aja timati ma clinical officer. Anatseka chitseko. Anandipempha kuti ndidikire panja. Pambuyo pake ndinamva kuti anamufunsa za tulo, za kudya, za mowa, ndipo anamufunsa mosapita m'mbali ngati ali ndi maganizo odzipha komanso ngati wakonza kale njira. Anagwirizana zochita maganizowo akabweranso, ndi munthu woti azimuimbira. Anamupatsa tsiku lobwerera. Za mmene alili anangoti, "Zimenezo ndamva, achimwene, ndipo zithera m'chipinda muno." Yunifolomu yofanana, malipiro ochokera thumba limodzi. Kusiyana kwake ndi mwayi basi, ngati mpikisano wa pa wailesi, ndipo moyo wa munthu sufunika kuyendera mwayi.

Kwa iwe amene ukuwerenga izi mobisa, kuwala kwa foni utachepetsa: sukakamizidwa kuulula zonse tsiku loyamba. Ukhoza kungonena kuti sindikugona, ndikuganiza kwambiri, ndikumaganiza zodzipha. Mawu amenewo ndi okwanira kuti uthandizidwe. Muone kaye munthuyo mmene akukulandirira, zinazo udzanena ukakhutira naye. Ukakumana ndi wolalikira, vuto ndi iyeyo, yesa khomo lina. Nambala ya 116 ya a YONECO, yothandiza ana ndi achinyamata, ndi yaulere, ndipo suyenera kutchula mudzi wako kuti ulankhule ndi phungu. Ndipo usiku ukafika povuta, usakhale wekha m'chipinda. Dzutsa munthu, ngakhale chifukwa chenicheni usamuuze.

Mabungwe alipo. CEDEP, imene mtsogoleri wake ndi Gift Trapence, yagwira ntchito imeneyi kwa zaka pafupifupi 20. Nyasa Rainbow Alliance ya ku Blantyre ndi imene inakonza ulendo woyamba wapoyera wa anthu amenewa ku Lilongwe mu June 2021, ambiri nkhope ataphimba, ndipo nayonso boma linakana kuilembetsa mpaka nkhani inapita kukhothi. Palinso CHRR ndi Malawi Human Rights Commission kwa amene wachitiridwa nkhanza. Koma taonani kumene maofesi awo akuluakulu ali: m'mizinda. Mnyamata wothyola tiyi ku esiteti kapena mtsikana wogulitsa nanazi pamsewu, kuti akafike ku Limbe ndi kubwerako, ndiye kuti ndalama ya ndiwo ya masiku angapo yapita, kuphatikizapo bodza loti akanene kunyumba.

Ndipo pali china chimene sitikuchikamba mokwanira. Chithandizo chambiri cha anthu amenewa chinalowa m'dziko muno kudzera pa khomo la HIV, ndi ndalama za America za PEPFAR. Kunali timalo tina m'matauni kumene munthu ankapita kukayezetsa, kukatenga makondomu kapena PrEP, koma chenicheni chimene ambiri ankatsatira ndi mpando wokhalapo popanda kuyeserera mayendedwe, ndi mnzawo wowafunsa kuti zikuyenda bwanji. Pa 20 January 2025 Donald Trump anaimitsa thandizo la kunja, ndipo ntchito zofikira magulu amenewa ndi zina mwa zimene zinakhudzidwa kwambiri. Malo ambiri otere anatseka kapena kuchepetsa ntchito, achinyamata amene ankayendera anzawo anakhala pansi. Ndalama ya HIV itapita, mpando uja unapita nawo. Komanso poti khomo linali la HIV, atsikana okonda atsikana anzawo kuyambira kale analibe polowera penipeni. Za iwowa timangoyankhula tikafuna nthabwala, pomwe ena akukakamizidwa kukwatiwa, ena kugwiriridwa ndi anthu oti akuti akuwakonza.

Chotsala n'chiyani? Foni. Msuweni wanga anayamba kupezako bwino atalowetsedwa mu gulupu ina ya WhatsApp ya anthu osakwana 20, a kuno, a ku Thyolo ndi ku Phalombe. Akuti tsiku loyamba analira atamva voice note ya munthu akufotokoza nkhani yofanana ndi yake m'Chichewa cha konkuno. Zonse zimene anaonerapo pa TikTok zinali za azungu a ku London ndi New York, ndipo ankadziona ngati iye yekha ndiye wasochera m'dziko lino. Mu gulupumo amasonkherana ya transipoti wina akadwala, amauzana chipatala chimene kuli munthu womvetsa, wina akathamangitsidwa amamupezera pogona. Kalikokha n'kanyama, akuluakulu sananame.

Koma foni yomweyo ndi msampha. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kutsegula akaunti yabodza, kucheza nawe sabata ziwiri mokoma, n'kukuitanira ku loji kapena kunyumba ina. Ukafika upeza ali anayi. Akumenya, akulanda foni, akujambula, kenako tumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba apo ayi tikuyalutsa. Amadziwa kuti sukadandaula kupolisi, poti ukuopa kuti wotsekeredwa ukhala iweyo. Lipoti la Human Rights Watch la 2018 linalemba za mantha omwewa, kuti anthu amamenyedwa koma osakanena. Kuopseza munthu kuti akupatse ndalama ndi mlandu, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, koma lamulo limene ukuopa kuligwiritsa ntchito lili ngati khasu lopanda mpini. N'chifukwa chake gulupu ija ili ndi malamulo okhwima kuposa a banki m'khonde: wolowa akhale wodziwika maso ndi maso ndi membala wina, zithunzi ayi, mauthenga azifufutika okha, ndipo munthu wachilendo ukumane naye masana, pagulu, wina akudziwa kumene uli.

Nanga ife enafe? Screenshot ija imakufikani pa gulupu ya anzanu a kusekondale, ya mnyamata wa pa Boma amene akuti wagwidwa, inu n'kuitumiza kwina ndi timoto titatu. Masekondi awiri. Kwa amalume anga inafika chonchotu.

Ndisanafike kumeneko, ndikambeko za kutchalitchi, poti nanenso ndimapemphera ndipo sindikufuna wina anene kuti ndikunyoza. Pa 13 July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu ya Blantyre ndi mizinda ina kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ndi ufulu wawo. Chaka chomwecho, mu January, Papa Francis anali atanena kuti kukhala munthu wotere si mlandu, ndipo malamulo omanga anthu pa chifukwa chimenechi ndi osalungama, ngakhale chiphunzitso cha mpingo wake pa tchimo sanachisinthe. Ndiye n'zotheka kugwira chikhulupiriro chako osafunira mnzako ndende kapena chingwe. Msuweni wanga anadzipereka yekha ku mapemphero a kuphiri katatu, kusala kudya masiku atatuatatu, kupempha kuti asinthe. Anatsika ali yemweyo, kungoonjezerapo maganizo oti ngakhale Mulungu wamukana. Mabungwe a madokotala padziko lapansi akhala akuchenjeza kuti zoyesa kumusintha munthu chonchi sizigwira ntchito ndipo zimawonjezera kukhumudwa. Abusa, palibe akukupemphani kuti mudalitse ukwati. Koma mukaima pa gome paja, dziwani kuti pa benchi yachitatu pali mwana wa mkulu wa mpingo amene akuwerenga mawu anu limodzilimodzi, ndipo akatuluka akasankha chochita ndi moyo wake.

Screenshot itafika, amalume anamuthamangitsa usiku womwewo. Anabwera kwathu wapansi, chikwama chili kumsana. Loweruka lake kunaitanidwa bwalo la pabanja kwa anganga, mayi awo a amalumewo. Kunayankhulidwa zambiri. Wina anati apite kwa sing'anga, wina anati apolisi, wina anati amupezere mkazi msangamsanga zithe. Anganga anali phee pa mkeka, akusola nandolo. Onse atatopa anati:

"Mwathana? Mwanayu tsiku lobadwa ndinamusambitsa ndine. Zimene mukukambazi ine sindikuzimva, ndipo musandifotokozere. Koma nsima adya pano, agona pano. Wofuna kumumenya ayambe wamenya ine."

Anganga sanapite kusukulu. Mawu oti LGBT sangawatchule. Mukawafunsa ngati akugwirizana nazo, mwina akuuzani kuti ayi, ndipo mpaka lero amamufunsa za mkazi mwa apo ndi apo. Koma kuyambira tsiku limenelo mnyamata uja anayamba kugona.

Zinandikumbutsa za Friendship Bench ya ku Zimbabwe. Dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa, mu 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ku Mbare mu Harare kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kwathu kuno kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandizadi, ndipo inayesedwaponso ku Lilongwe. Mabenchi tili nawo, agogo tili nawo, alangizi a zaumoyo ali m'midzi monse. Ndikanakhala ndi mpata woyankhula pa msonkhano wa khonsolo, sindikanapempha nyumba yatsopano kapena chikwangwani cha utawaleza, chimene kuno chingangoitana miyala. Ndikanapempha kuti aliyense wogwira ntchito pa malo a achinyamata m'zipatala zathu aphunzitsidwe kufunsa za maganizo odzipha ndi kusunga chinsinsi, ndipo woulula za wodwala azilangidwa, kaya wodwalayo ndi ndani. Zimenezi sizifuna ndalama za Trump, ndipo zingathandize ndi mtsikana wa mimba ya pasukulu yemwe, ndi bambo amene wamira mu ngongole ya katapila.

Sikuti zonse zatha. Masiku ena amadzuka ali bwino, masiku ena ayi. Mowa anachepetsa, sanasiye. Kwaya anasiya, ndipo Lamulungu m'mawa amaimba yekha kuseri kwa nyumba akuchapa. Ine kankhope koseka kaja ndinakachotsa, ngakhale ndikudziwa kuti anakaona kale.

Amalume sanamuyankhulebe. Mwezi watha anabwera kwa anganga ndi thumba la chimanga pa njinga, chinthu chimene sachita kawirikawiri poti nawonso chaka chino sanakolole bwino. Sanalowe m'nyumba. Anatsitsa thumbalo pakhonde, anapereka moni kwa mayi awo, n'kundikodola kuti ndiwaperekeze. Tinayenda mpaka pa mjigo osalankhula.

"Mphwanga," anatero akuyang'ana tcheni cha njinga, "kodi uja akudya?"

"Akudya, amalume."

Anagwedeza mutu, anakwera njinga yawo, n'kumapita.